Theka la Digiri la Likongwe

Panali munthu wina wodula zitsulo pa makina ku Limbe. Amene anamulakwira ndi Ledisoni Likongwe, wojambula mapulani, mu Okutobala wa 1981.

Likongwe anajambula chitsulo chotalika ngati mkono, cha mbali imodzi yopendama, choti chizigwira mgolo wa matani awiri umene unakhazikidwa m'mwamba m'fakitale. Pambali yopendamayo analemba kuti madigiri makumi atatu, kuphonya kololedwa theka la digiri. Basi.

Munthu uja anayang'ana pepalalo, nati, “Bwana, theka la digiri kutsinde ndi tsitsi, koma kunsonga ndi njere ya chimanga. Lembani mizere iwiri yoyendera limodzi, mbali yonse igone pakati pake. Mundiuzenso mbali yoyambira kuyeza.”

Likongwe anaseka. “Iwe wa Sitandade 3 undiphunzitse ine? Dula zimene ukuona. Manja ako, mutu wanga.”

Munthu uja anadula monga mwa pepala. Atachiika chitsulocho, mgolo unayamba kulira. Sunkalira makina akuyenda ayi. Unkadikira masana, makina atazima, anthu akudya. Ng'iii, pang'onopang'ono, ngati chitseko cha nyumba imene eni ake anafa.

Likongwe anati wodula waphonya. Anamuvula ovolosi pamaso pa anzake, namutulutsa pageti. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za ntchito zinathera pomwepo.

Anabwera wodula wina, nadula chitsulo chatsopano pa pepala lomwelo. Mgolo unalirabe. Wachitatu chimodzimodzi. Anamzeze amene ankamanga zisa kudenga anasamuka. Antchito analeka kudyera m'kati. Likongwe yekha ndiye ankakwera masana aliwonse ndi choyezera ngodya, n'kuchiika kutsinde, n'kufuula kwa anthu amene sanamufunse, “Makumi atatu! Mwaona?” Kunsonga sanayezeko. Pepala sanalikhudze.

Inu amene mukuphunzira kujambula, imvani. Ngodya imakula ikamapita kutali. Musaipatse ufulu wa madigiri okha. Itsekereni pakati pa mizere iwiri, ndipo mutchule mbali yoyambira. Wamanja akuda akakufunsani, muyankheni. Chitsulo sichidziwa amene anapita kusukulu.

Lachinayi lina masana, mgolo unasiya kulira. Anthu atalowa anaupeza pansi, Likongwe ali kunsi kwake. Choyezera chinali m'dzanja, chikuloza makumi atatu.