Mkono wa Nangozo

Bambo ake atangochotsedwa pulasitala, mwana wanga Ulemu anandifunsa kuti, "Amayi, fupa lapola. Nanga mkono wawonderanji chonchi?" Kusukulu tinaphunzira kuti fupa siliyenda lokha, limakokedwa ndi minofu. Koma ndinadziwa kuti za m'buku zimugonetsa tulo, ndiye ndinangomusimbira nthano iyi, tikusenda nandolo pakhonde.

Kalekale, m'mudzi wina wa m'mphepete mwa dambo, munali mayi woumba mbiya dzina lake Nangozo. Munda wake unali waung'ono, wamchenga. Banja lake linkadya za m'manja mwake. Wofuna mphika ankaudzaza mapira mpaka kukamwa, mapirawo n'kusiya, mphika n'kutenga.

Tsiku lina akuchokera kokumba dongo, Nangozo anaterereka n'kuthyoka mkono wamanja. Sing'anga anaumanga ndi bango ndi luzi. Mwamuna wake, Kachere, anali munthu wachifundo.

"Musagwire kanthu, akazi anga. Madzi nditunga ndine. Nkhuni nditola ndine."

Mwezi unatha, wina unatha. Fupa linalumikizana, bango anamasula. Kachere anatinso, "Musagwire kanthu, mungauthyolenso." Anamumangira mkonowo pachifuwa ndi nsalu. Chikho ankamugwirira, chitseko ankamutsegulira.

Mkono unawonda ngati phesi. Chigongono chinakana kuwongoka, zala zinakana kufumbata. Kunja kunayamba kutentha, nkhokwe inali pansi, ndipo aliyense ankadziwa kuti mvula ikagwa, mbiya siziuma ndipo siziwotcheka. Popanda mbiya, panalibe mapira.

Pafupi pawo pankakhala mayi wina wapakamwa, dzina lake Nasoko. M'mawa wina anafika ndi lichero la mtedza n'kuliika pamiyendo pa Nangozo.

"Anzanga, mwakhala mokwanira. Ndisendereniko, ine ntchito yandichulukira."

"Kodi simukuona kuti akudwala?" anatero Kachere.

"Akudwala pakamwa kodi? Poti kudya akudya. Inu pitani mukasosere kumunda, za amayi zisiyeni."

Kachere anachoka akung'ung'udza. Nangozo anatenga mtedza ndi dzanja lamanzere.

"Ayi, linalo," anatero Nasoko. "Lamanzere limanditayira mtedza."

Nangozo anafinya, khoko silinasweke. Anafinyanso, misozi ili lengelenge. Pofika masana anali atasenda khumi.

"Khumi basi? Nkhuku ikanakuposani. Ndibweranso mawa."

Anabweradi. Mawa mtedza, mkuja mtedza. Kenako anabweretsa nsalu yonyowa kuti amufinyire. Kenako kamtsuko kakang'ono kuti amutule pamutu. Tsiku lililonse Kachere ankati, "Mayi uja alibe mtima." Tsiku lililonse Nasoko ankalowa osaodira.

Litakwana sabata lachitatu, anamukokera kumtondo n'kumupatsa munsi wopepuka wa ana.

"Suwongoka mkonowu," anatero Nangozo. "Wafa."

Nasoko anamugwira dzanja labwino lija n'kuliika pamkono wake womwe, pamwamba pa chigongono. "Gwirani apa. Ndikapinda, mukumva chiyani?"

"Kutsogolo kwalimba."

"Gwirani kumbuyo. Ndikawongola?"

"Kwalimba kumbuyo, kutsogolo kwafewa."

"Eya. Alimo awiri m'menemu, ndipo onse amangodziwa kukoka. Uyu akakoka, mnzake amalekerera. Ali ngati ife pamtondo: ine ndikatsitsa munsi, inu mumakweza. Anuwo sanafe. Amuna anu anawauza kuti ntchito yatha, iwo n'kugona. Tiyeni tiwadzutse."

Anasinja. Nasoko du, Nangozo du. Nasoko du, Nangozo du, wake wofooka, wochedwa. Ndinaona m'nthanoyi, monga anandisimbira agogo anga, kuti Nasoko sanamufulumize ngakhale kamodzi. Pakamwa ankatukwana, koma munsi wake unkadikira.

Masiku anapita. Mkono unayamba kudzaza. M'mawa wina Kachere anapeza mkazi wake akukanya dongo ndi manja awiri. Anaima, anayang'ana, anatsegula pakamwa. Kenako anatenga nkhwangwa n'kupita kukadula nkhuni zowotchera mbiya.

Tsiku lomwelo kuchitsime, mayi wina anafunsa Nangozo kuti, "Kodi anzanu aja a Nasoko mtedza wanga wotsala abweza liti? Chaka chino sanalime mtedza iwo aja. Ankangoyenda khomo ndi khomo kubwereka wosasenda, madzulo n'kubweza wosenda."

Apo Nangozo anazindikira. Anasenza mtsuko wake, dzanja lamanja lili m'mwamba kuugwirira, n'kubwerera kwawo.

Anaumba masiku asanu ndi atatu. Mbiya zoyamba zinapendama, zina zinang'aluka pouma. Zotsatira zinaima bwino. Anaziwotcha mitambo itayamba kale kusonkhana kum'mawa, ndipo anthu anabwera ndi mapira awo, kudzaza, kukhuthula, kudzaza, kukhuthula, mpaka nkhokwe inakwera.

Mtsuko umodzi anaubisa kuseri kwa nyumba. Unali wosalala, wa khosi lalitali, woposa yonse. Anthu atabalalika, anaunyamula kupita nawo kwa Nasoko, amene anali kusesa pabwalo.

"Anzanga, uwu wapindika kukamwa. Palibe angaufune. Ukundithera malo, ndisungireniko."

Nasoko anaulandira. Anauzunguza, anayendetsa chala kukamwa kwake, anaugogoda. Unalira ngati belu. Anayang'ana mtsuko, anayang'ana mkono wa mnzake.

"Wapindikadi," anatero. "Ikani apo pamthunzi. Ndizimwera momwemo, nanga nditani."

Nangozo anauika pamthunzi, n'kutenga tsache lina lomwe linali pakhoma. Anamaliza kusesa limodzi, madontho oyamba akugwa.

Nthano yanga yafika pothera, ndaitula pano.

Mnofu umakhala ndi moyo pogwira ntchito, ndipo wokukonda nthawi zina ndi amene amakupatsa chogwira.