Kasinja Amene a Evaristo Anamukonza

A Evaristo Bonfigli a ku Rosario anali atalumikiza akasinja apulasitiki oposa makumi asanu, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndiwo ankalemba m'kanyuzi ka kalabu yawo ngati bokosi latsopano la tizidutswa ta kasinja lili bwino kapena ayi. Iwo akati choipa, palibe ankachigula.

Loweruka lina anabwera ndi bokosi la kasinja wa Ajeremani, wongoyesera, amene nkhondo inatha asanaombe ndi chipolopolo chomwe. Anakhuthulira tizidutswa pathebulo, pepala la malangizo n'kulikankhira uko.

"Simuwerenga kaye?" anafunsa akazi awo, a Nélida.

"Mayi, unaonapo wansembe akuwerenga Atate Wathu?"

Atafika poika mutu wonyamula mzinga, anapeza bowo lake lili kumbuyo kwenikweni. Akasinja onse amene ankawadziwa, mutu umakhala pakati. Anapukusa mutu wawo, natenga kampeni, naboola bowo lina pakati, lakumbuyolo n'kulimata mpaka see. Patatha masabata atatu analemba kuti: "Opanga bokosili analakwitsa moonekeratu. Ine ndakonza, koma inu simungathe. Musagule."

Kanyuzi katatuluka, a Evaristo anapita kumsonkhano wa kalabu atanyamula kasinja wawo ngati mkate wa ukwati. Anapeza Casimiro, dalaivala wa basi wopuma pantchito, atakhazika kale wake wa bokosi lomwelo, mutu uli kumbuyo.

"Akulu, wanuyu ndi wa nkhondo iti?" anafunsa Casimiro.

"Ndi wokonzedwa, mphwanga."

"Ehe. Koma mzinga mwaukhazika pamwamba pa injini. Woombayo azikhala pati, pachitofu?"

Casimiro anatambasula pepala lake la malangizo. Patsamba loyamba panali chithunzi cha kasinja weniweniyo, injini pakati, mutu kumbuyo. Chimene akatswiri a Ajeremani ankayesera n'chomwecho, ndipo n'chimene a Evaristo anachotsa ndi kampeni.

Palibe anaseka. Pepala linangoyenda m'manja m'manja, aliyense kuyang'ana chithunzi, kuyang'ana kasinja, n'kupatsira mnzake. Litafika kwa a Evaristo, anati magalasi aiwala kunyumba, pamene anali pamphuno.

Tsiku lomwelo kalabu inagwirizana kuti tsamba la mabokosi m'kanyuzi azilemba Casimiro, ndipo ntchito yake yoyamba ikhale kuuza anthu kuti bokosilo lilibe mlandu.

Paja akuluakulu anati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.