Theka la Piritsi

Lachitatu lililonse masana, ophunzira udokotala a chaka chomaliza ankasonkhana m'kachipinda kokhala ndi mipando iwiri yoyang'anana. Mphunzitsi wawo, mayi wa imvi amene anakalambira m'chipatala, ankakhazika wina pampando wa wodwala, wina pa wa dokotala, n'kunena kuti, "Funsa kamodzi, kenaka tseka pakamwa. Ngakhale Ambuye, poona wakhungu uja, anayamba amufunsa chimene akufuna."

Wophunzira wina, amene anzake ankamutcha Changu, ankaona phunziroli ngati kutaya nthawi. Mutu wake unali wakuthwa ndithu. "Ine ndinabwera kudzaphunzira kuchiritsa," ankatero. "Zocheza ndinaphunzira kale kwa amayi anga." Choncho Lachitatu likafika ankazemba, n'kukathandiza kukiliniki ya odwala shuga, kumene mzere unkafika panja.

Tsiku lina kunalowa mayi wosoka zovala, tepi yoyezera ikali m'khosi. Changu anawabaya chala, nayang'ana kamakina koyezera shuga. Shuga anali atakwera.

"Mayi, mankhwala mukumwa?"

"Ee, adokotala, kungoti kunyumba..."

"Tsiku lililonse?"

"Osaphonya. Koma bambo..."

"Chabwino. Ndiye kuti piritsi limodzi likuchepa. Muzimwa awiri."

Mayiwo anatsegula pakamwa, koma poona cholembera chikuthamanga papepala, anameza mawu awo. Dokotala woyang'anira kiliniki anawerenga zoti wodwalayo amamwa mankhwala mokhulupirika, nasaina.

Sabata isanathe, mayi aja anabwera atanyamulidwa. Anali atagwera pamakina osokera, thukuta lili kamukamu, osazindikira ndi mwana wawo yemwe. Shuga anali atatsikiratu. Anamwino anathamanga ndi diripi, ndipo mwa chisomo cha Mulungu anatsitsimuka. Changu anatsegula buku lawo la kuchipatala, naona zolemba za dzanja lake.

Mphunzitsi uja sanamukalipire. "Tenga mpando, mwana wanga," anatero. Onse awiri anakhala pambali pa bedi.

"Mayi, tiuzeni za kunyumba," anatero mphunzitsi.

Kenaka chete. Changu pakamwa panamuyabwa, mafunso khumi ali pa nsonga ya lilime, koma mphunzitsi anamugwira dzanja. Namwino anadutsa ndi kangolo ka mankhwala, nabwereranso. Mayiwo ankangopinda ndi kupindula m'mphepete mwa bulangeti ngati akuyeza mpendero.

"Bambo akunyumba nawonso ayamba ludzu losatha," anayamba chapansipansi. "Aonda, lamba ndawaboolera kawiri. Koma za chipatala safuna kumva, akuti kuno munthu amalowa ndi miyendo yake n'kutuluka chogona. Ndiye piritsi lililonse ndinkalidula ndi lezala, theka iwo, theka ine. Nanga si paja tinalumbira kutchalitchi kuti ndife thupi limodzi? Mwana wangayu atabwera anatilanda botolo, amvekere, 'Amayi, zachibwanazo ayi, mwani monga alembera adokotala.' Ndinamwa awiri athunthu."

Apo Changu anaona chimene anachita. Munthu amene ankamwa theka, iye anamulembera awiri. Ndiponso kunyumbako kunali wodwala wina amene tsopano sankamwa kanthu.

"Mayi, ndikhululukireni," anatero. "Munayamba kundiuza, ine ndinakudulani."

"Ndinakhululuka kale, mwanangu. Ndinangoti mwina anthu ophunzira sachedwa ndi nkhani za m'nyumba. Koma nanga bambo aja?"

M'mawa mwake bambowo anabwera kudzazonda akazi awo. Anaima pakhomo la wodi, chipewa chili m'manja, phazi limodzi lili kunja. Changu anabisa kamakina m'thumba, nawapatsa mpando, nafunsa chimene amaopa. Bambowo anayamba ndi nkhani ya mvula, kenaka ya ntchito yawo ya ukalipentala. Pomalizira pake anatchula mkulu wawo, amene anadulidwa mwendo chifukwa cha shuga yemweyu, namwalira asanatuluke m'chipatala. Atatha kulankhula anapukuta m'maso ndi chipewa chija, nayang'ana akazi awo, natambasula dzanja okha.

"Bayani, adokotala. Koma pang'onopang'ono, chalachi chimagwira ntchito."

Wodwala ali ngati kanyama kamantha: ukakagogoda kamabwerera m'chigoba, ndipo umapita kwanu ukuganiza kuti wakaona konse. Akuluakulu sananame pamene anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.