Ong'ung'udza Obwereka a Renaud

Renaud Thibault anafika ku msonkhano wa ku Vancouver mtima uli m'mwamba. Kwa zaka zambiri iye ndi anzake a pa kampani ankakonza njira yatsopano yotetezera mauthenga a pa intaneti kwa akuba. Bwana wake anali atanena mosapsatira kuti gulu lokhazikitsa malamulo a chitetezo likaikana njirayo, ntchito ya onsewo yatha.

Tsono gulu limeneli silikweza manja kapena kuponya mavoti. Wapampando akafunsa funso, ogwirizana nalo amangong'ung'udza milomo ili chitsekere, iye n'kumatchera khutu. Amati potero wantchito saopa diso la bwana wake.

Mantha ndi mlangizi woipa. Renaud anaitana anyamata otsatsa malonda a pa kampani yake, nawalembetsa, n'kuwakhazika kumbuyo.

"Achimwene, anthuwa awerengako n'komwe chikalata chanu chofotokoza njirayi?" anafunsa Shalini, mnzake wa pa ntchito, akupukusa mutu.

"Mmero suwerenga," anayankha Renaud.

Wapampando, Mayi Lindqvist, anapempha ofuna njirayo kuti ang'ung'udze. Kumbuyoko kunachita ngati kwalowa njuchi, moti akutsogolo anacheuka onse.

Mayiwo anavula magalasi. "Bambo a jekete yofiirayo, mwatiposa tonse. Tabwerani kutsogolo kuno mutiuze chimene chakukhutiritsani."

Mnyamatayo anaimirira, nayang'ana Renaud mopempha thandizo. "Ine, mayi, ndimangogulitsa katundu. A Renaud anangoti iwo akayamba, ifenso tiyambe."

Palibe anaseka. Mayi Lindqvist analengeza kuti sangathenso kusiyanitsa mawu a gulu ndi phokoso la alendo, choncho njirayo ichotsedwe pa zokambirana.

Potuluka, Mayi Lindqvist anamupeza Renaud ataima pakhomo.

"A Thibault, mwandimvetsa chisoni," anatero motsitsa mawu. "Anthu akale a gulu lino ndimawadziwa mawu awo mmodzimmodzi. Ambiri anali kumbali yanu. Mukanabwera nokha, bwenzi njira yanu itadutsa lero."

Foni ya Renaud inayamba kulira m'thumba, ndipo anadziwa kuti ndi bwana akufuna kumva zotsatira. Akuluakulu sananame, ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.