Tsiku Limene Sigele Anasowa Mwini

Inu ana a sukulu mumaloweza miyambi ngati nyimbo, koma ndikakufunsani kuti mwambi wakutiwakuti unayambira pati mumangoyang'ana kudenga. Ine Yotamu sukulu ndinalekera sitandade sikisi, osati chifukwa cholephera ayi, ndinangoona kuti zotsalazo ndikhoza kumalizira ndekha panjira. Koma pali mwambi umodzi umene ndimaudziwa kuposa aphunzitsi anu onse, chifukwa tsiku limene unabadwa ine ndinalipo. Tinene zoona, mzamba wake ndinali ineyo. Khalani bwino ndikuuzeni.

Nthawi imeneyo n'kuti nditatha zaka zitatu ndikuchita kabaza wa njinga yamoto mu Lilongwe. Tsiku lina achemwali anga a Enelesi, amene amakhala ku Ntchisi, anandiimbira foni. Anati mwana wawo woyamba, Tiyanjane, wamaliza maphunziro a unamwino ndipo Lachisanu akulandira pepala lake pamaso pa anthu. Ndiye banja lonse likubwera kudzaonerera: iwowo, alamu anga a Chimbalanga, amayi athu otibereka, ndi ana asanu opondana ndi Tiyanjane. Anthu asanu ndi atatu, onse ofuna pogona usiku umodzi wokha.

Ndinawauza kuti asadandaule, mahotela onse a mu Lilongwe amandidziwa. Ndipo sindinaname kwenikweni. Alonda a pageti amandidziwadi, poti ndimatsitsa anthu pamenepo tsiku ndi tsiku. Kungoti mkatimo ndinali ndisanapondemo. Kwanga sindikanawatengera, chifukwa ndimakhala kachipinda kamodzi ku Chinsapo ndi mnzanga, ndipo malo otsala imagona njinga.

Anatsika basi Lachinayi masana. Alamu ali mu jekete yawo ya kutchalitchi, amayi miyendo itatupa ndi ulendo, ana atadzola mafuta mpaka zipumi kung'anima. Mzime wawo, Sigele, kamtsikana ka zaka zinayi, anali mu diresi lachikasu ndi nsapato zatsopano zomuthina. Magalimoto ankamuopsa, ndiye dzanja lake silinkachoka pa chitenje cha amayi ake. Njinga ndinasiyira mnzanga, ine n'kutsogola ngati mwini tauni.

Hotela yoyamba inali ya chitseko chagalasi chotseguka chokha. Amayi athu atadutsa anacheuka n'kuchithokoza. Mtsikana wa pa desiki anatiwerenga ndi cholembera, n'kunena mwaulemu kuti chipinda chilichonse ndi cha anthu awiri, choncho ife tikufunika zipinda zinayi. Koma mbuzi imene alamu anagulitsa pokonzekera ulendowu inkafika pa zipinda ziwiri basi. Tinatuluka, chitseko chija n'kutitsekera chokha kumbuyo. Yachiwiri inali yodzaza, poti si ife tokha amene tinali ndi mwana womaliza sukulu sabata imeneyo.

Yachitatu ndiyo inandipatsa chiyembekezo. Mnyamata wa pamenepo anati mwayi wathu, chilipo chipinda cha banja, chachikulu, mabedi anayi, tonse tikwanamo pa mtengo umodzi. Ine ndinali nditayamba kale kukweza mapewa. Nditacheuka ndinapeza alamu akuyang'ana nsapato zawo, amayi atembenukira kukhoma. Mnyamatayo sankadziwa, koma ine ndinangoiwala: mkamwini sagona chipinda chimodzi ndi apongozi ake. Anthu awa zaka zoposa makumi awiri sanapisepo mbale imodzi, akakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndiye lero avulire nsapato pamodzi? Alamu ananena motsitsa mawu kuti iwo bola akakhale pa benchi ku depoti mpaka kuche. Achemwali anakana. Anati sanabwere m'tauni kudzamwaza banja ngati mapira, kumene agone mmodzi agona onse.

Tinayenda, ana inu. Tinakwera minibasi, tinatsika, tinayendanso. Pofika folo koloko amayi ankangokhala pa chikwama paliponse tikaima, ndipo Sigele anali atavula nsapato imodzi n'kuinyamula m'manja. Palibe amene anandifunsa za mahotela ondidziwa aja. Kusafunsako ndiye kunkandiwawa kwambiri.

Mapeto ake tinafika pa loji ina ku Biwi, ya mayi Chadzunda. Mayi amenewa anali aakulu thupi, a magalasi omangirira chingwe m'khosi, ndipo alonda a m'deralo ankati sasekerera zopusa. Ndinasiya anthu anga pansi pa mtengo wa mango kutsidya kwa msewu, ine n'kukafunsa. Zipinda zinatsala ziwiri ndendende. Koma pakhoma panali chikwangwani cha zilembo zofiira: anthu awiri pa chipinda, mwana naye ndi munthu.

Apa m'pamene nzeru zanga zinagwira ntchito mopitirira muyeso. Ndinabwerera pa mango paja n'kuyala pulani. Alamu alowe ndi mwana wamwamuna wamkulu, chipinda chimodzi. Achemwali alowe ndi amayi, chipinda chinacho. Ana anayi otsalawo adikire ndi ine panja, ndipo mayi aja akangopita kukhitchini ndiwalowetse mmodzimmodzi kudzera kumene amayanika zofunda. Ana ndinawalangiza kuti wina akawafunsa, anene kuti anthu alowawo sakuwadziwa. Achemwali nawo ndinawauza kuti zikavuta angoti anawo ndi a anzawo apaulendo.

"Yotamu," anatero achemwali, "ine ndikane mwana wanga?"

Ndinawatsimikizira kuti palibe awafunse, tauni ino aliyense amasamala zake. Anayang'ana miyendo ya amayi, anayang'ana dzuwa, n'kunyamula chikwama. Povuta panali pochotsa zala za Sigele pa chitenje chija. Ndinamunyengerera kuti ndi masewera a chibisalirano, ndipo akakhala chete ndimukweza njinga.

Anayiwo analowa. Ine ndinatsala ndi ana, ndikuwafotokozera mmene ndinapitirira galimoto ya maliro pa mtunda wa ku Kawale. Nkhani inakoma mpaka ine mwini ndinatengeka nayo. Nditati ndiwerenge mitu, inali itatu. Sigele anali atawoloka kale msewu, nsapato imodzi kuphazi ina m'manja, akulowa pageti.

Ndinathamanga, koma ndinamupeza atafika. Achemwali anali ataima pa desiki akulemba dzina m'buku la alendo, Sigele n'kugwira chitenje chawo pamalo ake a nthawi zonse. Mayi Chadzunda anatsitsa magalasi, anasuzumira pansi, kenako anayang'ana achemwali.

"Uyu ndi wanu?"

Achemwali anacheukira kwa ine pakhomo. Ndipo ine, Yotamu, ndinapukusa mutu. Ndikanakhala mphaka ndikanati linali khutu linkandiyabwa, koma ndinapukusa dala.

"Si wanga," anatero achemwali, mawu ngati a munthu wodwala. "Ndi wa anzathu apaulendo."

Ine ndinkayembekeza kuti mwana alira, tinene kuti watopa, nkhani ithe. Sigele sanalire. Anatsegula zala pang'onopang'ono n'kusiya chitenje chija. Anabwerera m'mbuyo mapazi awiri, n'kuima yekha pakati pa simenti yopukutidwayo. Anayang'ana amayi ake, anayang'ana agogo ake, anayang'ana atate ake amene anali ataima patali ndi makiyi m'manja. Kenako anafunsa, osakweza mawu n'komwe:

"Nanga ine ndine wa ndani?"

Ana inu, ine ndimadutsa pakati pa malole awiri osaphethira. Koma tsiku limenelo funso la kamwanako linandigunda ngati lole. Cholembera chinali chikadali m'manja mwa achemwali.

Mayi Chadzunda anadzuka pampando. Ine ndinati basi, tathamangitsidwa. Anazungulira desiki, anamasula chitenje chimene anakulunga m'chiuno, anawerama ndi thupi lawo lonselo, n'kumuika Sigele kumsana. Anamanga mfundo pachifuwa mwachangu ngati munthu amene anaberekapo ambiri.

"Ngati alibe mwini, ndiye ndatola," anatero. "Ndiwe wanga, wamva? Usaope."

Apo m'pamene achemwali anagwada pa simenti pomwepo. Anati ndi wawo, ndi mzime wawo, anama chifukwa cha kutopa, ndipo ngati lamulo silikulola abweza makiyi akagone onse ku depoti, koma awabwezere mwana wawo. Mayi aja sanawakalipire. Anatembenukira kwa ine.

"Inu amalume anzeru, ana atatu aja akuyang'ana geti langa kuchokera pa mango ngati mbuzi zapamsika, nawonso alibe eni?"

Kani anali atationa pawindo kuyambira pamene ndinkayala pulani yanga, manja ndikuloza uku ndi uku ngati wapolisi wa pamsewu. Ndinapita kukawatenga ana aja mutu uli pansi. Ndikubwera ndinamva mayi aja akufotokozera alamu kuti chikwangwanicho anachiikira anyamata amene amalipira chipinda chimodzi n'kulowamo khumi kudzaonera mpira, osati ana a anthu. Anati tikanangofunsa poyera, akanatiuza zimenezo pageti pomwe. Alamu anayesa kupepesa kuti tawavutitsa ndi ana oti si awo. Mayi Chadzunda anagwedeza Sigele kumsana kuja n'kunena kuti:

"Bambo, mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Mwamva? Ndi pamenepo. Folo koloko itapitirira pang'ono, Lachinayi, ku Biwi.

Atatero anatsegula chipinda chimene anthu amachitiramo misonkhano. Tinakankhira matebulo kukhoma, n'kutulutsa matiresi m'sitolo. Mmenemo munakhala mwa alamu ndi anyamata awo, ngati gowelo. Zipinda ziwiri zija zinatsalira amayi, achemwali ndi atsikana. Mkamwini kwake, apongozi kwawo, koma denga limodzi. Matiresi onse ndinanyamula ndine, awiriawiri, ndipo mpaka lero palibe amene anaphwanya mbiri imeneyo pa lojipo.

Koma Sigele sanafune kutsika. Achemwali akatambasula manja, iye ankabisa nkhope pa msana wa mayi aja. Mayi Chadzunda anapitiriza ntchito zawo ali naye kumsana, kulandira alendo ena, kupereka sopo, kukalipira wophika. Mlendo wina atafunsa, anayankha kuti ndi mwana wawo wa ukalamba. Achemwali ankangowatsatira pambuyo kulikonse, ngati nkhuku yolandidwa mwanapiye.

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, mayi aja anakhala pakhonde n'kumasula mfundo. Anauza achemwali kuti wamkulu akalakwira mwana amapepesa ndithu, kukula si chikopa. Ndipo ine ndinaona ndi maso angawa mayi wa ana asanu ndi mmodzi akugwadira mwana wa zaka zinayi.

"Sigele, ndinanama. Ndiwe wanga. Ndinakubereka ndekha, mvula ikugwa."

Sigele anawayang'ana n'kufunsa: "Mukadzafuna pogona pena mudzanamanso?"

"Ayi mwanawe. Bola tidzagone panja tonse."

Sigele anaganiza pang'ono, kenako anawapatsa nsapato ija kuti amuveke.

M'mawa mwake, tonse titasamba kukonzekera mwambo wa Tiyanjane, wophika anabweretsa tiyi ndi mbatata. Sigele anatenga yake n'kuinyema pawiri. Chidutswa china anapatsa amayi ake, china anapita nacho ku desiki. Mayi Chadzunda anali pa foni, koma anachilandira msangamsanga ndi dzanja linalo, n'kutiuza akuseka kuti taonani, ukachenjera manja udya naye. Choncho mwambiwo unakwanira mchira wake tsiku lachiwiri.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Tanthauzo lake n'lakuti mwana akaima pakati pa anthu wopanda womugwira dzanja, suyamba ndi kufunsa kuti ngwa yani. Umayamba wamunyamula, mafunso pambuyo. Kuchenjera manja si kulanda ayi, koma kufulumira kuthandiza pamene ena akadayang'anana. Ndipo mwana saiwala msana umene unamubereka. Lero akugawira mbatata, mawa akakula adzakugawira zazikulu.

Aphunzitsi anu akakuuzani kuti mwambiwu ndi wakale kuposa ine, musakangane nawo, ndi anthu aakulu. Mwina analipodi ena amene anaunena kale. Koma ine ndinauona ukuyenda ndi miyendo, utavala magalasi a chingwe, uli ndi mwana wa eni kumsana. Ndipo kuchokera tsiku limenelo, ndikaona kamwana kataima kokha pa depoti kakuyang'ana nkhope za anthu, ndimazimitsa njinga, ngakhale kasitomala akalipe chotani. Ndimatsika, ndimanjuta, n'kukauza kuti: usaope, mpaka amako apezeke, ndiwe wanga.