Makanema Opanda Mawu a Bambo Chimphepo

Panali bambo wina kuno kwathu, a Chimphepo, amene mbiri yawo inatipeza pa mpopi: akuti apeza kamkazi kwinakwake. Ine pang'ono ndinakhulupirira, amayi anzanga, poti nsapato ankazipolisha Loweruka lokha.

Bambowa ankatolera makanema akalekale, aja opanda mawu, a anthu ogwa pa makwerero, ovala ndowa kumutu, othamangitsidwa ndi apolisi. Ankawasaka mu msika, kwa okonza mawailesi, kulikonse. Matepi ndi madisiki anadzaza kabati, mbale za akazi awo, a Nankhoma, zikukhala pansi. Likafika Loweruka, angapo m'chikwama, ulendo.

A Nankhoma atamva mbiriyo anati ukwati watha basi. Koma ukwati sutha ankhoswe osadziwa, ndipo nkhoswe ya a Chimphepo anali achimwene awo, omwe anayambana nawo pa maliro a mayi awo. Tsiku la maliro lija a Chimphepo analumbira pamaso pa akazi awo kuti kwa achimwenewo sadzapondakonso.

Loweruka a Nankhoma anamanga chitenje, napita kukasuma kwa nkhosweyo. Ali pakhomo anamva chikhakhali. Kusuzumira, amuna awo ali pa mpando, achimwene awo pambali, onse misozi chuchuchu ndi kuseka. Pa kanema munthu wonenepa akudzandira ndi thabwa paphewa.

"Inu a Chimphepo! Chibwenzi chija n'chimenechi?"

"Khalani pansi, a Nankhoma. Achimwene anagontha ndi chigayo chawo chija. Wailesi samva, ine sandimva. Izi zokha ndiye timaseka limodzi."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndi kulumbira kuja? Mukanandiseka mpaka chaka chamawa."

A Nankhoma anakhala pansi kuti akalipe bwino. Koma wonenepa uja anatembenuka, thabwa n'kugwetsa wapolisi, mayi n'kuphulika nako kuseka. Mlandu unathera pomwepo.

Ndiye iwe amene uli ndi m'bale amene simulankhulana, usadikire kuti upeze mawu abwino. Nyamula kanthu koti mukaseke limodzi, upite. Mawuwo akakupezani muli pa mpando umodzi.

Abale awiri aja mawu anawapezadi. Powaperekeza, achimwene aja anagwira mkono wa a Nankhoma n'kukuwa, monga amachitira anthu osamva, mpaka nyumba zonse za mzere umenewo zinamva: "Mlamu, pa maliro paja wolakwa ndinali ine!"