Tsiku Limene Wailesi Anatumizidwa ku Mochale

Bwana watsopano wa chipatala anapatsidwa mwezi umodzi woti aonetse kuti mpandowo ukumuyenera, apo ayi abwerere kumene anachokera. Kusukulu anaphunzira kuti wantchito wabwino amagwira paliponse, ndipo mfundoyi anaimeza osatafuna.

Tsiku lachiwiri anaima pakhomo lolandirira odwala. Mayi wa pamenepo, yemwe onse ankamutcha Wailesi, pakamwa pake sipankatera ntchentche. Odwala ankaseka mpaka kuiwala mutu umene wawabweretsa. Bwana anakwinya nkhope. Atatsikira ku mochale, kosungira mitembo, anapeza bambo wofatsa, amene pa zaka makumi awiri sanakanganepo ndi aliyense mwa anthu amene iye ankawasamalira.

"Awiriwa asinthane," anatero bwana.

Namwino wamkulu anakanda m'mutu. "Bwana, mukanayamba mwawafunsa eniake."

"Mayi, ine ndinapita kusukulu kuti ndizikafunsa nzeru ku mochale?"

Wailesi atafika kumalo atsopanowo anapereka moni kwa onse ogona m'mafiriji, nawasimbira nkhani zake zonse zokoma. Palibe anaseka. Sabata isanathe anayamba kuwonda, akudandaula kuti anthu akumeneko ndi amwano.

Pakhomo paja panagwa bata la dzaoneni. Bambo wofatsa uja sankafunsa odwala kanthu, poti sanazolowere kuyankhidwa. Wofika aliyense ankamuyeza kutalika ndi maso, n'kumumangirira kapepala ka dzina kuchala chakuphazi. Ambiri ankachira pomwepo n'kuliyatsa liwiro. Bwana ataona mzere ukufupika anadziguguda pachifuwa, nalemba mu lipoti kuti matenda achepa.

Tsiku loyendera chipatala, mkulu wochokera kulikulu anafika m'mawa atatopa ndi ulendo. Anakhala pabenchi, ndipo posowa womulankhula anagona chagada, kukamwa kuli yasa. Bambo uja anamuyang'ana mwachisoni, namuvula nsapato mwaulemu, namufunditsa nsalu yoyera mpaka kumutu, n'kumukankhira ku mochale pakabedi kamatayala.

Bwana ankadikira mlendoyo mu ofesi pamene anamva kukuwa. Anathamangira ku mochale napeza mlendoyo atakhala tsonga, maso ali tuzu, Wailesi atamugwira dzanja akulira ndi chimwemwe.

"Bwana, taonani! Sabata zitatu zonsezi, awa okha ndi amene andiyankha!"

Mlendoyo, akumasula kapepala kuchala, anafunsa funso limodzi lokha: "Anasintha anthuwa ndani?"

Maso onse anatembenukira kwa bwana. Dzuwa lisanapendeke anali atapereka kale makiyi a ofesi, manyazi atamugwira. Akulu akale sananame: safunsa anadya phula.